Zala za Amake Angella

"Ndiye kuti ndege yake siibwera ku Chileka?"

"Ndege zimabwera, amayi, koma yathuyi ayi. Yathu mukaipeza ku Joni."

"Ku Joni! Munthu akufuna kupita kumpoto, ayambe wathawira kummwera?"

"Ndi mmene zilili. Taonani apa."

Philip anali atakhala pasimenti pakhonde la nyumba yawo ya m'malaini a esiteti ya tiyi, atandanda zitsekerero za mabotolo. Chitsekerero chilichonse chinali chipata cha malire: cha Mwanza, cha Nyamapanda, cha Beitbridge. Patsogolo pake anaika chikho, kuti ndiye bwalo la ndege la ku Joni, ndipo kutali, pafupi ndi tsache, anaika mwala. Mwalawo unali mzinda wa Leeds, ku UK, kumene mchemwali wake Angella anali chigonere m'chipatala.

Amayi ake, a Anesi, amene anthu onse m'malainimo ankawatchula kuti amake Angella, anayang'ana mwalawo nthawi yaitali. Linali Lamulungu masana, tsiku lokhalo limene dengu lawo lothyolera tiyi linkapumula pamsomali.

Angella anapita ku UK kukagwira ntchito yosamalira okalamba. Khansa inamupeza komweko. Chakumayambiriro kwa Disembala madokotala anasiya kukamba za mankhwala n'kuyamba kufunsa za abale. Kukwera ndege sakanatha. Iye anangopempha chinthu chimodzi, kuti amayi ake abwere. Tikiti ya ulendo wotere, munthu wothyola tiyi sailota n'komwe, koma mwana wa agogo ena amene Angella ankawasambitsa, bambo woyendayenda pa ndege, anamva chisoni n'kupereka mamailosi ake.

"Tandiuzanso za mamailosiwo," anatero a Anesi.

"Munthu akamakwera ndege kawirikawiri, kampani imamusungira mtunda wonse umene wauluka. Ukachuluka, amausinthanitsa ndi tikiti."

"Ndiye kuti munthu akayenda kwambiri, mphotho yake ndi kuyendanso? Ine ndi mtunda ndayenda m'mizere ya tiyimu, bwenzi atandipatsa ndege yangayanga."

Mamailosiwo anali ndi malamulo ake, ndipo Philip anawaloweza onse. Mipando yake inali yochepa, pa ndege zowerengeka. Sankakwanira kuchokera ku Malawi kuno, koma kuchokera ku Joni ankakwanira ndendende, kupita ndi kubwera. Ndipo Febuluwale akatha, nawo amatha mphamvu. Za ulendo wa pamsewu wokafika ku Joni anakonza ndi che Stambuli, dalaivala wa lole wa ku Bvumbwe amene ankanyamula tiyi wa pafakitale kupita naye ku Durban. Akazi awo anaphunzira limodzi ndi Angella, choncho che Stambuli anangoti, "Mpando wa kutsogolo ulipo, amayi akwera."

Philip anaphunzira masamu ku yunivesite ku Zomba. Digiriyo inamuthandiza kupeza ganyu wophunzitsa pa kasukulu kena kosaima bwino, komanso kumaliza sudoku wa m'nyuzipepala zakale zokulungira matemba. Ankakonda chilichonse chokhala ndi yankho limodzi lobisika. Ulendowu unamukomera mochititsa manyazi. Tsiku limene anapeza mpando wa pa ndege wogwirizana ndi lole, ndi zipata zonse, ndi tchuthi chimene bwana wa esiteti analonjeza amayi ake, anapezeka akuimba mluzu panjira, kenako anakumbukira chifukwa cha ulendowo, nasiya.

Chinatsala ndi viza basi. Pasipoti a Anesi anali nayo kale, Angella anawatengetsa kalekale akadali bwino. Mapepala onse Philip anatumiza pa foni. Ku Lilongwe ankangofunika kukaonetsa nkhope ndi kudinda zala.

Mu ofesi ya viza ku Lilongweko munali mozizira ngati m'firiji. Mtsikana wa pakauntala anali waulemu. Anawalozera kagalasi kowala.

"Ikani zala apa, amayi. Musakanikize kwambiri."

A Anesi anaika. Kanyali kanayaka kofiira.

"Tayesaninso."

Kofiira. Mtsikanayo anapukuta galasi, anawapukuta zala, anawauza kuti azipumire mpweya, kenako kuti azisisite pachipumi pamene pamakhala mafuta. Anayesa dzanja linalo. Philip anasuzumira pakompyuta. Pamene panayenera kuoneka mizere yozungulira panali zigamba zakuda ngati mitambo ya mvula, zodulidwadulidwa ndi timing'alu toyera.

"Mumagwira ntchito yanji, amayi?"

"Ndimathyola tiyi."

Mtsikanayo anatembenuza dzanja lawo n'kuliyang'ana. Nsonga za zala zinali zosalala, zolimba ngati chikopa cha ng'oma, zodetsedwa ndi utomoni, ndipo chala chachikulu ndi chamkombaphala zinali ndi mabala osapola.

"Mizere yafufutika, komanso pali mabala. Makina sangalandire zala za mabala. Mukazipumitse, zikapole, mubwerenso. Mizere imabwerera munthu akasiya chimene chikuidya."

Anakwera basi yobwerera kwawo. Philip ankadziluma. Chaka china esiteti inagula makina otere oti antchito azidinda chala polowa m'munda, koma anangotha mlungu umodzi, chifukwa sankazindikira wothyola tiyi ndi mmodzi yemwe. Anakaponyedwa m'sitolo pamodzi ndi zikwanje zothyoka, ndipo malaini onse anaseka. Iyenso anaseka nawo. Koma pa zitsekerero zake zija panalibe choimira zala.

"Usadandaule, Filipo," anatero amayi ake, maso ali pawindo. "Zala zangazi zinapita kale ku UK'ko. Zakhala zikupita pang'onopang'ono m'mapaketi a tiyi. Akazifunefune m'makapu mwawo."

A Jonas, kapitawo wa gulu la a Anesi, anabwera madzulo a tsiku lotsatira akuchokera kusikelo, gambutsi zili matope okhaokha. Anali munthu wabwino amene ntchito yake inali kunena zoipa. Anakana mpando, anangotsamira mzati.

"Amake Angella, nkhani ndaimva. Koma mukudziwa nokha nyengo ino. Mvula yagwa, tiyi akuphuka ngati wapenga. Ukamusiya masiku ochepa wakhwima, fakitale imukana. Tchuthi cha ulendo bwana anavomera, poti ndi matenda. Koma tchuthi chokhala pakhonde kuyang'ana zala? Ndikayambire pati?"

"Mukawauze kuti ndi mbali ya ulendo womwewo," anatero Philip.

"Ndawauza, aphunzitsi. Akuti akalola mmodzi, mawa malaini onse akufuna viza. Lamulo mukulidziwa. Nyumba ndi ya nambala, nambala ndi ya dengu. Dengu likasiya kufika pasikelo, nambala ipita kwa wina, nyumba itsatira. Anthu ali pageti m'mawa uliwonse, ochokera ku Nsabwe, ku Chimaliro, akudikira nambala yoti igwe."

"Avale magolovesi."

"Magolovesi amatikita tsamba. Komanso liwiro limafa, safika pa mlingo."

"Muwaike kwa odula ndi lumo."

"Kumeneko n'kwa amuna, ndipo n'kodzaza."

"Ndiye ndithyola ine, pa nambala yawo."

A Jonas anaseka mpaka kutsokomola. "Inuyo? Kalaliki wa pasikelo aona mnyamata wa magalasi akuti ndine Anesi? Aphunzitsi, ine ndili ndi ana. Ndipo manja anuwo, dengu lingadzaze Pasaka itadutsa."

Atapita a Jonas, Philip anakhala pakhonde ndi zitsekerero zake. Anakumbukira ndagi ija ya munthu wofuna kuwolotsa fisi, mbuzi ndi chinangwa pa bwato lonyamula chimodzi chokha. Ankaikonda ali mwana chifukwa yankho lake ndi lonyoza: mbuzi umaiwolotsa, kenako umabwerera nayo. Anayesa chomwecho. Kuti amayi afike kwa Angella, zala zipole. Kuti zala zipole, dengu likhale pamsomali. Dengu likakhala pamsomali, nyumba yapita, nyumba imene iye anabadwiramo ndipo ankagonamobe ndi digiri yake. Anatembenuza uku ndi uku, kufunafuna mbuzi yoti abwerere nayo. Panalibe.

"Chotsa zinyalala zakozo, ndisese," anatero amayi ake.

M'mawa mwake belu la esiteti litalira, a Anesi sanatsitse dengu. Anadzola mafuta m'zala, anatenga masokosi a Philip, navala m'manja, nakakhala pakhonde. Sanafunse maganizo a munthu.

Amayi anzawo ankadutsa pamzere, madengu kumsana, mapulasitiki m'chiuno.

"Amake Angella, mwayamba nkhonya?"

"Asiyeni, ndi madamu a ku UK amenewo. Moni, madamu!"

"Pitani mukathyole, ine ndikakumwereni kumeneko," anayankha a Anesi, akukweza sokosi ngati mfumukazi. Anaseka onse. Atazimiririka m'nkhungu, a Anesi anatsitsa dzanja, kuseka kunatha nthawi yomweyo.

Kukhala kunawavuta kuposa ntchito. Zala zinkayenda zokha m'masokosi, kuthyola mpweya, masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga. Philip ndiye ankatunga madzi, kuchapa, kupala moto, ndipo amayi ake ankamuyang'anira ngati kapitawo, kumuuza kuti mnyamata wa masamu sadziwa kuyeza mchere.

Angella ankaimba pa vidiyo masiku amene anali ndi mphamvu. Nkhope inali itatha, maso okha ndiwo anakula. Foni ankamugwirira Mildred, mnzake wa ku Mulanje amene ankakhala naye nyumba imodzi.

"Amayi, masokosi m'manja? Mwatani?"

"Ndikuzolowera kuzizira kwanuko."

Angella anaseka, kusekako kunasanduka chifuwa, Mildred anamupatsa madzi. "Philip, tazunguza foni ndione kwathu." Philip anazunguza: khonde, mpapaya umene Angella anadzala, mizere ya tiyi yotsetsereka mpaka kumtsinje. "Khonde limenelo ndimalilota," anatero Angella. "Musalipake laimu wina, lisiyeni choncho." Za nyumba sanamuuze. A Anesi anamuyang'ana Philip kamodzi kokha, iye anamva.

Khirisimasi itangodutsa, a Jonas anabweranso. Ulendo uno anavula chipewa. Kumbuyo kwawo, patsinde la bulugamu, panaima mayi wachitsikana ndi mwamuna wake, mitolo ili pansi, akuyesetsa kuyang'ana kwina. Nambala inali itagwa.

A Anesi sanakangane. Anatsitsa dengu pamsomali ndi manja a masokosi, nalipereka kwa mayi wachitsikanayo. "Lamba wake amadya phewa lakumanzere, uikepo kansalu. Chitseko chimafuna kuchinyamula pang'ono potseka. Mpapayawo usadule."

Katundu anakwera ngolo kupita ku Thekerani, kwa a Teleza, mng'ono wawo wa a Anesi, amene anali ndi nyumba ya zipinda ziwiri ndi ana odzaza zipinda zitatu. A Anesi anapatsidwa mphasa m'khitchini, pafupi ndi matumba a chimanga. A Teleza anawalandira bwino, koma amuna awo ankafunsa tsiku ndi tsiku, mwaulemu kwambiri, kuti ndege inyamuka liti. Philip anapempha kugona m'chipinda chosungira mabuku pa kasukulu kake.

Loweruka lililonse ankakwera njinga ya kabaza kupita ku Thekerani kukayendera zala. Ankavula masokosi, n'kuziyang'ana padzuwa ndi galasi lokulitsa la kusukulu. Mabala anatseka. Chikopa chakuda chinasupuka. Kenako, chakumapeto kwa Januwale, mizere inayamba kuoneka, yofooka, ngati tinjira ta mbewa pa thengo lopsa.

"Zikubwera, amayi."

"Zinali kuti nthawi yonseyi?"

"Pansi. Sizimafa, zimangokwiririka."

A Anesi anayang'ana manja awo ngati a mlendo. Anali ofewa, oyera m'kati. "Manja a munthu waulesi," anatero.

Ku Lilongwe anapeza mtsikana yemwe uja. Anawakumbukira. A Anesi anaika zala pagalasi, ndipo kanyali kanayaka kobiriwira ulendo woyamba womwe. Mtsikanayo anawomba m'manja pang'ono. A Anesi anachotsa dzanja, nalipukuta pachitenje.

"Ndiye kuti tsopano ndine munthu?"

Mtsikanayo anamwetulira, naitana wotsatira.

Viza inatuluka Febuluwale ali pakati. Mpando wa pa ndege uja Philip anali atausuntha kale kawiri, ndipo umene unatsala unali wa mlungu womaliza wa mweziwo, womaliza ndithu mamailosi asanafe. Che Stambuli anasinthana ulendo ndi dalaivala mnzawo kuti zigwirizane. Angella anali atasiya kuimba pa vidiyo. Mildred ndiye ankatumiza mawu: lero wamwa phala, lero wagona tsiku lonse, lero wafunsa ngati amayi adutsa pa Tete. Philip ankayankha kuti atsala pang'ono. Zonse zinali zitalowana bwinobwino, chipata ndi chipata, ndipo ngakhale ankadziletsa, penapake mumtima mwake munali kachimwemwe ka munthu amene wadzaza bokosi lomaliza la sudoku.

Tsiku lonyamuka anakumana pageti la fakitale m'mawa, mvula itangokata. Fungo la tiyi wowuma linali ponseponse. Lole inali itadzaza matumba mpaka pamwamba, atakutidwa ndi tenti. Kutsidya, pamtsetse, othyola anali atayamba kale, ndipo pakati pawo Philip anazindikira dengu lija, lili ndi kansalu kofiira palamba wakumanzere.

A Anesi anavala juzi imene a Teleza anawabwereka ndi nsapato zatsopano zowawa. M'chikwama munali ufa wa mgaiwa, nandolo ndi therere louma, zimene Philip anawauza kuti akazilanda pabwalo la ndege, iwo nati akazilande ali pomwepo.

"Pa Mwanza mutsika ndi pasipoti yokha, chikwama chitsale m'galimoto," anatero Philip. "Pa Nyamapanda musayankhe anyamata osintha ndalama. Pa Beitbridge mzere ndi wautali, musasiyane ndi che Stambuli ngakhale popita kuchimbudzi."

"Aphunzitsi, njirayi ndimayenda ngati yopita kudimba," anatero che Stambuli akumenya matayala ndi chitsulo. "Amayi afika ngati dzira. Tiyi yekhayu amafika bwanji, wopanda ndi pasipoti yomwe?"

"Ndiye ndikhala ndikumuperekeza," anatero a Anesi. "Nthawi yonseyi amapita yekha."

Foni ya Philip inalira m'thumba. Inali nambala ya Mildred. Mildred sankaimba, ankangolemba. Philip anapatuka pang'ono, kuseri kwa lole, naiika kukhutu. Anamva mphuno ikufwenthedwa, kenako mawu ochepa. Anati, "Eya." Anatinso, "Eya, ndamva, achemwali. Zikomo." Anaimirira pamenepo akuyang'ana chingwe cha tenti mpaka foni inazima yokha.

Anabwerera pamene panali amayi ake. A Anesi anamuyang'ana kumaso, anayang'ana foni, kenako anakhala pansi pang'onopang'ono pachikwama chawo, pamatope pomwepo. Milomo inkayenda, mawu a Chilomwe otsika kwambiri, chinenero chimene ankachisungira Mulungu ndi akufa. Che Stambuli anaika chitsulo pansi, navula kofia.

"Liti?" anafunsa a Anesi.

"M'mawa womwe uno."

"Anali yekha?"

"Mildred analipo."

A Anesi anagwedeza mutu. Anatambasula manja pamiyendo, zikhatho kumwamba, zoyera, mizere yonse ikuoneka bwinobwino.

"Filipo. Mamailosi ako aja. Anganyamule bokosi?"

Philip ankadziwa malamulo onse pamtima, ndipo anafunafuna m'mutu mwake kakhomo kena kalikonse. "Ayi, amayi. Amanyamula munthu wokhala pampando."

"Wamoyo."

"Eya."

"Ndiye akamuika komweko."

"Sindikudziwa. Mwina. Tikiti yanu ikadali yabwino, mutha kukafika pa mwambo. Koma mukapanda kukwera lole ino, palibenso mpando wina. Mwezi ukutha."

Anadzimva akulankhula ngati kalaliki, nasiya. Amayi ake anatembenuka kuyang'ana kumalaini, kumene utsi unkatuluka padenga la nyumba ija, ndipo pachingwe cha pampapaya panali matewera a mwana wa eni ake atsopano. Anayang'ananso msewu wa ku Thekerani. Kenako anayang'ana chitseko cha lole, chimene chinali chotsegula, mpando utayalidwa kansalu koyera kamene akazi a che Stambuli anatumiza.

Kumbuyo, lole ina yofuna kutuluka inaliza hutala. Mlonda wa pageti anabwera akukupiza dzanja, koma ataona mayi atakhala pamatope anaima patali, nayang'ana che Stambuli, naloza wotchi yake mwamanyazi. Hutala inaliranso, motalika.

Che Stambuli anapotokola kofia m'manja. Anayang'ana Philip, Philip anayang'ana pansi. Ndiye che Stambuli anagwada pang'ono pafupi ndi chikwamacho.

"Pepani, amayi, pepani kwambiri. Mulungu ndiye mwini. Koma katunduyu si wanga, ndipo pa Mwanza ndiyenera kudutsa lero. Mukwera, kapena mutsala?"